Mkono Wonyamulira Bambo

Gulu: Za Bambo
Alimo: Amayi, Achimwene, Chitsiriza

LOLEMBA

07:42 Achimwene: chojambula chako ndachiona. ichi ine sindiwotcherera

07:43 Chitsiriza: mwadzuka bwnj achimwene

07:43 Achimwene: ndadzuka. ndati sindiwotcherera

07:44 Chitsiriza: vuto lili pati

07:46 Achimwene: [chithunzi]

07:47 Achimwene: ona wekha. tinagwirizana makina onyamulira bambo pabedi nkuwakhazika pa wilitcheya. iwe wanditumizira mwendo wa galu wogundidwa ndi galimoto. mkono wopindika kawiri, pakati kapaipi kowonda ngati chala, mota ili chammbali ngati munthu anangoiiwala pamenepo

07:48 Chitsiriza: chilichonse pamenepo chili ndi chfkw chake

07:48 Achimwene: chitchule

07:51 Chitsiriza: sindinajambule ndine. yapanga ndi pulogalamu

07:51 Achimwene: ndiye chifukwacho iweyo sukuchidziwa

07:58 Chitsiriza: [uthenga wa mawu, 1:34] Achimwene, ndimvereni kaye mpaka ndimalize. Kompyuta ndinaipatsa kutalika kwa bedi la bambo, mpata wa pakati pa bedi ndi khoma, kulemera kwawo, ndi mphamvu ya mota ija muli nayo mu shedi. Ndiye iyo imapeka makina mazana awiri osiyanasiyana, ena opusa zedi, n'kuwayesa onse mkati mwake momwemo. Amene agwa kapena kuthyoka imawataya. Otsalawo imawasakaniza, mwana amatenga mkono wa uyu, malo a mota a uyo, kenako imasintha kenakake pang'ono mwachisawawa n'kuyesanso. Yachita zimenezi mibadwo zikwi zinayi, masiku sikisi osazima. Chomwe mwachionacho ndiye chapambana onse. Komanso si chitsulo chokha. Kontirola, kabokosi kaja ndakutumizirani pa basi, kouza mota kuti ithamange bwanji, kakulira limodzi ndi mkono umenewu. Ziwirizi sizisiyana.

08:10 Achimwene: ndamva. makina akhala akukwatirana mu laputopu mwako, ndiye chobadwacho ndiikemo bambo anga

08:10 Chitsiriza: ndi bambo anganso

08:11 Achimwene: eti. unawanyamulapo liti

08:13 Achimwene: miyezi 9 chigwere sitiroko. mmawa, masana, madzulo, pabedi, pampando, kubafa. iwe unabwera kawiri, ulendo wachiwiri sunagone nkomwe

08:15 Chitsiriza: ndimagwira ntchito kutali mukudziwa. ndipo nchifukwa chake ndikupanga izi. dokotala anati mukapitiriza kunyamula munthu msana wanuwo nanunso mudzagona

08:15 Achimwene: msana wanga usiye

08:24 Amayi: Ana inu, foni ikungolira pafupi ndi bambo anu, akundiyang'ana kuti kwagwanji. Gululi tinatsegulira za mankhwala ndi za kuchipatala.

08:26 Chitsiriza: sorry amayi

08:27 Chitsiriza: achimwene pangani momwe zilili pa pepalapo. mm iliyonse. pls

12:40 Chitsiriza: mwayamba?

17:05 Chitsiriza: achimwene

LACHINAYI

10:18 Achimwene: [chithunzi]

10:18 Achimwene: atha makina ako

10:21 Chitsiriza: zkm kwambiri. jambulaninso chammbali

10:24 Achimwene: [chithunzi]

10:26 Chitsiriza: mkono uwu ndi wowongoka

10:26 Achimwene: eya

10:27 Chitsiriza: ndipo kapaipi kapakati mwaika yaikulu. nanga chitsulo chopingasa icho chachokera kuti

10:29 Achimwene: chachokera mmutu mwanga. zaka 19 ndikuwotcherera, geti yomwe ndinapanga ine sinagwepo. ndalimbitsa. uzithokoza

10:31 Chitsiriza: musayatse

10:31 Chitsiriza: serious musayatse. kontirola ikudziwa mkono winawo. uwu ndi wolemera kuposa uja komanso sugonja. ili ngati munthu amene wadzuka ndi miyendo ya mnzake

10:33 Chitsiriza: [foni yosayankhidwa]

10:34 Chitsiriza: [foni yosayankhidwa]

10:36 Chitsiriza: amayi muli pafupi ndi shedi? auzeni asayatse

10:52 Amayi: Ndinali kuwasambitsa nkhope bambo anu. Ndamva chiphokoso kuseri, ndikupita kukaona.

11:03 Achimwene: [vidiyo, 0:19]

11:04 Achimwene: ona ntchito ya mibadwo zikwi zinayi. thumba la simenti lokha. wanjenjemera ngati wagwidwa malungo, kenako kuliponyera pa zenera. galasi lonse pansi, simenti shedi yonse

11:04 Achimwene: akanakhala madala bwenzi pano tikuimbira abale

11:05 Chitsiriza: ndinakuuzani musayatse

11:05 Achimwene: unandiuzanso kuti chapambana onse

11:06 Chitsiriza: chomwe chinapambana simunachipange. mwapanga zanu, mwaikapo ubongo wanga, ndiye mukuloza ine chala

11:07 Achimwene: chitsulo cholimba sichingalakwe. cholakwa ndi kabokosi kako

11:08 Chitsiriza: iwe vuto lako nlakuti chilichonse chomwe sunachiganize wekha ndi chopusa

11:08 Achimwene: wati iwe?

11:09 Chitsiriza: ndati iwe

11:15 Amayi: Chitsiriza, awo ndi achimwene ako. Fufuta.

11:31 Chitsiriza: [uthenga wafufutidwa]

11:32 Chitsiriza: ndafufuta mawu okha amayi. maganizo sindinasinthe

13:47 Achimwene: ok a injiniya. ndipanga ndendende za pa pepala lanu, ndi kupindika kwake konse. kapaipi kaja kakathyoka ndikutumizirani zidutswa pa basi muziike pa tebulo ku ofesi

13:48 Chitsiriza: pangani

LOLEMBA

15:12 Chitsiriza: masiku anayi tsopano. zidutswa zija sindinazilandire

15:50 Chitsiriza: amayi kunyumbako kuli bwnj

16:02 Amayi: Bambo anu adya bwino lero. Achimwene ako akungokhalira mu shedi, akutuluka nthawi yonyamula yokha. Dzulo powakhazika pampando anaima kaye atagwira khoma, kuwafunsa akuti palibe.

16:03 Chitsiriza: ndi msana umenewo

16:03 Achimwene: amayi za ine musamanene pagulu

LACHIWIRI

09:26 Achimwene: [vidiyo, 0:44]

09:31 Chitsiriza: ndi uja wa pa pepala?

09:31 Achimwene: eya

09:32 Chitsiriza: mwaikamo makilo angati

09:34 Achimwene: thumba limodzi ndi mchenga wa 20

09:34 Chitsiriza: 70. kuposa bambo. ndipo yakhazika pampando osagunda ngakhale pangono. masekondi 40

09:35 Chitsiriza: kapaipi kaja kathyoka?

09:41 Chitsiriza: ndikufunsa, kathyoka?

09:58 Achimwene: ayi

09:58 Chitsiriza: kkkk

09:59 Chitsiriza: mwayesa kangati

10:03 Achimwene: 30

10:04 Chitsiriza: ka 30 osaphonya, mwendo wa galu uja. palibe chomwe mukufuna kundiuza?

10:20 Achimwene: chilipo. pochoka pabedi amayamba alendewetsa thumba ngati katungwe, kubwerera mmbuyo pangono kenako kutsogolo. nchifukwa chani

10:23 Chitsiriza: yatulukira yokha njira imeneyo. ikalendewetsa katundu mota sivutika, sitentha, ntchito imatha msanga. munthu sakanaganiza zimenezo. ndi pomwe pali nzeru pake

10:24 Achimwene: sindikuzikonda

10:25 Chitsiriza: simungazikonde poti sizanu

10:27 Chitsiriza: loweruka mmawa tiyese ndi bambo. sindikhala ku ntchito, ndizionera pa vidiyo

10:27 Achimwene: ayi

10:28 Chitsiriza: bwnj tsopano

10:36 Achimwene: [uthenga wa mawu, 0:52] Tamvera, manja anga ali ndi girisi, sindilemba. Thumba la simenti siliopa. Thumba silimenya mateche. Madala ukangowadzutsa pabedi, mwendo wakufa uja umadzidzimuka wokha, umawongoka gwa ngati mtengo. Dzanja labwinolo limagwira chilichonse chili pafupi, ine khosi langali lili ndi zipsera za zikhadabo zawo. Iwe zimenezi sunazione chifukwa ukabwera umawapeza atakhala kale pampando, atavala malaya oyera. Kompyuta yakoyo inayesapo katundu wogwira anthu pakhosi?

10:44 Chitsiriza: ndinaika malire okwanira. mkonowo ungathe makilo 140 osathyoka

10:45 Achimwene: sindikunena zothyoka

10:46 Chitsiriza: poyamba munati uthyoka. sunathyoke. pano mwapeza china. ukadutsa ichi mupezanso china. mukufuna mukhale nokha wowanyamula mpaka kale kuti muzitiwerengera kuti ife sitichita kanthu

10:47 Achimwene: bwerezanso

10:47 Chitsiriza: mwawerenga

11:30 Amayi: Ine ndatopa nazo. Bambo anu akamva mawu a uja wa mu shedi akukwera amasiya kudya.

LACHISANU

08:05 Chitsiriza: amayi za mawa zili pompo. 9 koloko

08:19 Amayi: Achimwene ako sanavomere.

08:21 Chitsiriza: akakana itanani aneba aja a minibasi akuthandizeni kulowetsa makina mchipinda. lamba mumupisa kumsana ndi pansi pa ntchafu, mukola mbedza ziwiri, mudina batani lobiriwira. basi. ndikhala pa foni nthawi yonseyo

08:23 Amayi: Kuwadutsa achimwene ako choncho?

08:24 Chitsiriza: amayi mukufuna odwala awiri mnyumba imodzi? msana uja ukatheratu mudzanyamula ndinu

08:40 Amayi: Ndamva. Ndiwauza aneba madzulo.

08:41 Achimwene: ndikuwerenga zonsezi

08:42 Chitsiriza: ndikudziwa

08:42 Achimwene: shedi ndi yanga, makiyi ali ndi ine

08:50 Amayi: Shedi ndi ya bambo ako mwana wanga, ndipo kiyi wina ali m'kabati mwanga.

09:02 Achimwene: ok

14:37 Amayi: [foni yosayankhidwa]

14:38 Amayi: [foni yosayankhidwa]

14:41 Amayi: Yankha foni.

15:20 Chitsiriza: ndinali mu miting amayi. kwagwanji

15:26 Amayi: [uthenga wa mawu, 1:41] Chitsiriza, achimwene ako avulala, aneba athamangira nawo kuchipatala. Ine ndinali kukhitchini, ndinangomva mota ija ikulira mwachilendo, kenako chinthu kugwa. Kupita mu shedi, ndawapeza ali pansi pafupi ndi tebulo lachitsulo lija, lamba akadali m'thupi, mkono wa makina ukupitabe uku ndi uku pamwamba pawo. Ndazula waya kukhoma. Magazi pachipumi, dzanja lamanja lapindika posayenera. Anakhalamo okha m'makinamo mwana wanga. Anamangirira foni pa vayisi, chopanira zitsulo chija, kuti izijambula, n'kukhalamo. Chomwe anena ali pansipo n'chakuti musawaike madala m'menemo. Ine sindinapite nawo, bambo anu ndikanawasiya ndi ndani.

15:28 Chitsiriza: mayo

15:29 Chitsiriza: akulankhula? akuzindikira anthu?

15:31 Amayi: Akulankhula. Anawatukwana aneba powakweza m'galimoto.

15:33 Chitsiriza: amayi, anasinthapo china chake pa makinawo? bawuti kapena waya?

15:47 Amayi: Mwana wanga wathyoka dzanja ndiye funso lako ndi limenelo.

15:48 Chitsiriza: sindimatanthauza choncho

15:48 Chitsiriza: amayi

16:30 Amayi: [vidiyo, 0:27]

16:31 Amayi: Ndapeza mu foni yawo, anaisiya pa vayisi pomwepo. Onera wekha ngati anasintha.

16:49 Chitsiriza: ndaona

16:50 Chitsiriza: sanasinthe kanthu. anangowongola mwendo mwadzidzidzi nkugwira mkono wa makina

16:52 Amayi: Ndi mmene amachitira bambo anu.

17:15 Chitsiriza: ndapempha tchuthi. ndikwera basi yoyamba mawa

17:40 Amayi: Bambo anu agona momwemo mpaka ufike. Ine ndekha sindingathe, ndipo aneba akakhala kuchipatala.

LOWERUKA

11:12 Chitsiriza: achimwene ndafika kunyumba. aneba akuti akupatsani foni yanu. mwadzuka bwnj

11:50 Chitsiriza: akuti opareshoni ndi masana ano, aika chitsulo mdzanjamo. ndibwera kudzakuonani 4 koloko

11:53 Achimwene: usabwere

11:54 Chitsiriza: pls

11:56 Achimwene: madala agona chigonere kuyambira dzulo masana. ntchito yako ili kumeneko

14:22 Chitsiriza: [uthenga wa mawu, 1:58] Achimwene, mumvera mukatuluka ku opareshoni. Tawanyamula bambo, ine ndi amayi. Zatitengera mphindi makumi awiri. Nditangowapisa manja kukhwapa mwendo uja unawongoka n'kundimenya pabondo, ndinatsala pang'ono kuwagwetsa. Anandigwira tsitsi, sanasiye mpaka atakhala pampando. Sanachite dala, ndinaona, nkhope yawo inali ya munthu woti akugwa m'dzenje. Powasintha zovala anatseka maso nthawi yonseyo, sanafune kundiyang'ana. Kenako ndinatsegula laputopu kuti ndione chomwe ndinaiuza pulogalamu. Mu kompyutamo bambo ndi bokosi la makilo sikisite eyiti. Bokosi losagwedezeka. Ndipo ndinalemba ndi manja angawa kuti wopambana ndi amene wamaliza msanga mota isanatenthe. Ndiye inaphunzira kulendewetsa. Katundu akasuntha yekha, kontirola imaona ngati katungwe uja wasokonekera, imawonjezera mphamvu kuti imubweze. Inu mutagwira mkono, iyo inakoka kwambiri. Makinawo achita zomwe ndinawatuma. Wolakwa ndine.

18:10 Chitsiriza: amayi akuti mwatuluka bwino

18:45 Chitsiriza: mwamvera?

LAMULUNGU

07:30 Chitsiriza: mwadzuka bwnj

09:15 Chitsiriza: ndikuona kuti mwamvera

12:02 Amayi: Mchemwali wako akukulankhula.

12:40 Achimwene: ndikulemba ndi dzanja lamanzere, mawu anga ndi odula

12:41 Chitsiriza: funso limodzi lokha. munakhaliramo chani mukudziwa kuti simukuwakhulupirira

12:49 Achimwene: ndinakuuza ndi pakamwa sunamve

12:53 Achimwene: dzulo 9 koloko ukanaikamo madala

12:54 Chitsiriza: mukanangobisa mota

12:58 Achimwene: ukanagula ina nkunena kuti ndi nsanje

13:20 Chitsiriza: ndikanatero

13:21 Chitsiriza: pepani achimwene

13:34 Achimwene: pepani sawotcherera. masabata 8 ndili mu pulasitala. mageti atatu a anthu ali mu shedi osatha

13:35 Chitsiriza: ndikudziwa

13:36 Achimwene: sukudziwa. ukhala masiku angati

13:37 Chitsiriza: andipatsa masabata awiri

13:39 Achimwene: ndiye 6 enawo madala aziuluka

LOLEMBA

08:14 Chitsiriza: ndaimbira abwana. ndizigwira ntchito ndili konkuno mpaka pulasitala ichoke. sanasangalale koma avomera

08:16 Chitsiriza: ndikufuna kuyambitsanso pulogalamu

08:20 Achimwene: wapenga

08:22 Chitsiriza: msana wanga wayamba kale kuwawa, ndanyamula masiku awiri okha. inu dzanja likapola msana sunapole. makinawo akufunikabe. cholakwika si kusakaniza kuja, ndi mayeso omwe ndinawapatsa

08:24 Chitsiriza: koma sindidziwa mmene bambo amachitira. ndaona ka 6 kokha. inu mwaona ka 800. ndiuzeni zonse ndiziike mu mayeso

08:55 Chitsiriza: achimwene

10:30 Chitsiriza: ok. ndifunsa amayi

10:34 Achimwene: amayi sadziwa, amakhala kumapazi

15:07 Achimwene: [uthenga wa mawu, 2:26] Lemba, sindibwereza. Mwendo umawongoka matako akangosiyana ndi matiresi, osati pambuyo pake. M'mawa umamenya kwambiri, kukazizira ndiye kuposa. Ukamenya kamodzi dikira, pamabwera kachiwiri kakang'ono, anthu amagwetsa odwala pa kachiwiriko. Thupi lawo limagwera kumanja nthawi zonse, ndipo mutu umatsalira m'mbuyo, uziuchirikiza. Akatsokomola ali m'mwamba thupi lonse limapinda. Dzanja lamanzere lisakhale lopanda chogwira, ukapanda kulipatsa chinthu lipeza lokha, ndipo likagwira silisiya. Asamayende chobwerera m'mbuyo, amaopa zomwe sakuziona. Usawanyamule usanawauze. Ine ndimawerenga mpaka katatu, pa katatu amapuma mpweya n'kudzilimbitsa. Ukawadzidzimutsa amakhala tsiku lonse osayang'ana munthu. Makina ako ngati sangadikire katatu, asiye. Ndatopa, nesi wabwera.

15:30 Chitsiriza: ndalemba zonse. zinthu 9

15:33 Chitsiriza: katundu wa mu kompyuta tsopano azimenya mwendo, kugwera kumanja, kutsokomola ndi kukoka mkono, nthawi zosadziwika. makina olendewetsa ngakhale pangono azitayidwa pomwepo. katundu akagwedezeka mota iziima, osati kulimbana naye. zothamanga ndachotsamo

15:41 Achimwene: ikaponso chogwirira patsogolo pa chifuwa

15:42 Chitsiriza: ndiiuza ipeze malo abwino

15:44 Achimwene: sindinati uifunse. masentimita 30 kuchoka pachifuwa, chakumanzere

15:44 Chitsiriza: ok

15:49 Achimwene: ndi chotsitsira cha pamanja. kabokosi kako kakapenga munthu azitha kutsitsa madala yekha magetsi atazima

15:51 Chitsiriza: chiwonjezera kulemera, dizaini yonse isintha

15:52 Achimwene: isinthe

15:58 Chitsiriza: ok

LACHITATU

13:05 Amayi: Achimwene ako atuluka, tili m'njira. Konza chipinda chawo.

13:06 Chitsiriza: ndakonza kale

16:48 Achimwene: ndani wasuntha zinthu mu shedi mwanga

16:49 Chitsiriza: ndimasesa simenti ija

16:50 Achimwene: masipanala ndimapachika kuyambira yaingono. wasokoneza onse

16:51 Chitsiriza: muli chipinda chachiwiri kuchoka pomwe ndili, mungathe kundiuza pamaso

16:51 Achimwene: sindikufuna kukuona

17:20 Amayi: Bambo anu akukana kuti Chitsiriza awanyamule madzulo ano. Akuloza kuchitseko chako.

17:23 Achimwene: auzeni dzanja lilibe ntchito

17:25 Amayi: Akudziwa. Akufuna ubwere uziwerenga.

17:31 Achimwene: ndikubwera

LOWERUKA

09:40 Chitsiriza: yamaliza. mibadwo 3000

09:41 Chitsiriza: [chithunzi]

09:55 Achimwene: ichi ndiye chonyansa kuposa choyamba

09:56 Chitsiriza: eya

09:58 Achimwene: miyendo yatalikirana ngati nkhanu. chitenga nthawi yaitali bwnj

09:58 Chitsiriza: mphindi 3 ndi theka

10:01 Achimwene: ine ndimatha mphindi imodzi

10:02 Chitsiriza: ndikudziwa. koma mu mayeso 5000 a mateche sichinagwetse ngakhale kamodzi

10:03 Achimwene: mu kompyuta

10:03 Chitsiriza: mu kompyuta. sindikunena zoposa pamenepo

10:12 Achimwene: polumikiza mkono ndi mzati pali ngodya yoti ndodo yowotcherera singalowe. kompyuta yako ilibe manja

10:14 Chitsiriza: ndisinthe bwnj

10:17 Achimwene: tsegula mpata wa zala ziwiri. kenako uyesenso zonse, usangosintha nkukhulupirira

10:18 Chitsiriza: zimenezo ndinakuuzani ndine

10:18 Achimwene: ndiye uzichite

15:36 Chitsiriza: ndatsegula, ndayesanso, chadutsa. funso ndi lakuti awotcherere ndani. ndifunse uja wa pafupi ndi sitolo ya matayala?

15:38 Achimwene: ameneyo amamata, sawotcherera. asayandikire chitsulo chonyamula bambo anga

15:39 Chitsiriza: ndiye tidikire masabata 7?

15:52 Chitsiriza: kapena mundiphunzitse

15:55 Achimwene: iwe

15:56 Chitsiriza: ku koleji tinaphunzirako sabata imodzi

15:57 Achimwene: sabata imodzi kkk

16:20 Amayi: Muphunzitse. Dzulo anawagwetsera bambo anu pampando ngati katundu, mwanayu msana wamuthera.

16:22 Chitsiriza: amayi za ine musamanene pagulu

17:44 Achimwene: lolemba 7 koloko mu shedi. uvale ovolosi ya madala ili kuseri kwa chitseko, tsitsi umange. sabata yoyamba uziwotcherera zidutswa zokhazokha, ine ndizimenya ndi hamala. chikathyoka ukuyambiranso

17:45 Chitsiriza: ok

17:46 Achimwene: laputopu isalowe mu shedi

17:46 Chitsiriza: miyeso ili mmenemo

17:47 Achimwene: lemba pa pepala

17:47 Chitsiriza: ok

17:53 Achimwene: makinawo akatha, simenti ka 50. akadutsa simenti ukhalamo ndiwe, uzimenya mateche mpaka ine nditakhutira. batani ndigwira ine

17:55 Chitsiriza: ndi dzanja lamanzere?

17:58 Achimwene: ndi lomwe wandisiyira